Akakowa a M'madambo Athu ndi Mbiri Yao

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye ndinapita kukaona ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nathenje. Phunziro la tsikulo linali la mbalame, ndipo mphunzitsi wachinyamatayo anachita bwino potulutsa ana m'kalasi nanka nao kudambo. Kumeneko tinapeza mbalame zoyera zingapo: zina zinali kuyenda pakati pa ng'ombe kumtunda, imodzi inali kuthamangathamanga m'madzi osaya, ndi inanso, yaitali khosi, inangoti chiriri m'mbali mwa bango. Mphunzitsi atafunsa maina a mbalamezo, ana onse anayankha pamodzi nati, "Akakowa!" Iye anawayamika, ndipo phunziro linathera pomwepo. Anawo sanalakwe ai, pakuti m'chinenero chathu onsewo ndi akakowa ndithu. Koma m'dambomo munali mitundu itatu ya mbalame, yosiyana kadyedwe, kakhalidwe ndi mbiri. Mbiri imeneyo ndiyo ndifuna kuilongosola m'nkhani ino, chifukwa imationetsa kuti mbalame imene anthu sanaizindikire ikhoza kutha m'dziko popanda wina woidandaula.

Abale anai oyera

Poyamba tiwadziwe eni nkhaniyo. Akakowa onse ali a banja limodzi, limene akatswiri a mbalame amalitcha Ardeidae. Chizindikiro cha banjali nchakuti pouluka amapinda khosi, mutu nukhala pafupi ndi mapewa. Dokowe ndiye amauluka ataongola khosi. Mwana amene wagwira mfundo imeneyi sadzasokonezanso kakowa ndi dokowe ngakhale awaone patali. M'nkhani ino ndawapatsa maina owafotokoza monga momwe aonekera, kuti tisasokere.

Woyamba ndiye kakowa wa ng'ombe, amene kwa zaka zambiri walembedwa m'mabuku kuti Bubulcus ibis. Ndi wamfupi, ngati theka la mita, wa khosi lalifupi lonenepa ndi mlomo wachikasu. Nyengo yoswa amamera nthenga zofiirira pamutu, pachifuwa ndi pamsana. Ambiri amayesa kuti amatsata ng'ombe chifukwa cha nkhupakupa, koma chakudya chake chenicheni ndicho ziwala, achule ndi tizirombo tina timene ng'ombe zimavumbulutsa poyenda m'udzu. Sasowa kuviika miyendo m'madzi kuti akhute.

Wachiwiri ndiye wa mapazi achikasu, Egretta garzetta. Ndi woonda, wa mlomo wakuda wosongoka ndi miyendo yakuda, koma mapazi ake ali ngati waponda mu utoto wachikasu. Iyeyu sakhazikika: amatakasa matope ndi phazi limodzi kuti tinsomba tituluke, nathamangira kukatijompha.

Wachitatu ndiye kakowa wamkulu, Ardea alba, amene msinkhu wake umafika pafupi mita imodzi. Amaima duu nthawi yaitali kudikira nsomba. Mlomo wake ndi wachikasu, koma umada nyengo yoswa. Wachinai, Ardea brachyrhyncha, ndiye wapakati, ndipo amafanana ndi wamkuluyo kotero kuti ngakhale ozolowera amanyengeka. Posiyanitsa yang'anani mzere wa kukamwa: wa wamkulu umapitirira kuseri kwa diso, wa wapakati umalekeza pansi pa diso. Kale wapakatiyu ankawerengedwa mtundu umodzi ndi anzake a ku Asia ndi ku Australia, koma pofika chaka cha 2023 mabuku akuluakulu a maina a mbalame anali atawalekanitsa.

Nthenga za pachipewa

David Livingstone ndi anzake, pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anadutsa dambo lalikulu limene analitcha Elephant Marsh, nalemba za unyinji wa mbalame za m'madzi zimene anaziona kumeneko. M'chaka cha 1897 Boma la Angerezi linapatula dambo limenelo, pamodzi ndi Nyanja ya Chilwa, kuti akhale malo osungirako nyama. Koma maso a Boma anali pa njobvu ndi njati, si pa mbalame ai. Tsoka la akakowa linachokera kwina.

M'zaka zomwezo akazi olemera a ku Ulaya ndi ku America anali atayamba kukometsa zipewa zao ndi nthenga za mbalame, ndipo malonda akulu a nthengazo anali ku London, ku Paris ndi ku New York. Zofunika koposa zinali nthenga zija zazitali, zosalala ngati ulusi, zimene kakowa wamkulu, wapakati ndi wa mapazi achikasu amamera nyengo yoswa yokha. Apa ndipo panagona choipa chake. Pofuna nthengazo alenje ankapita pa mitengo imene akakowa amamangapo zisa pamodzi, nawombera makolo, ana natsala m'zisa kufa ndi njala. Motero mfuti imodzi inkapha mibadwo iwiri tsiku limodzi. Ku Florida ndi ku Venezuela anaphedwa osawerengeka, ndipo panafika nthawi yakuti nthengazo zinaposa golide pa mtengo zikayesedwa pa sikelo.

Ena mwa amene anakana mchitidwewu anali akazi omwe. M'chaka cha 1889 Emily Williamson anasonkhanitsa anzake ku Manchester nagwirizana zoleka kuvala nthenga zotere. Bungwe laolo ndilo linadzatchedwa Royal Society for the Protection of Birds m'chaka cha 1904. Ku Boston, Harriet Hemenway ndi Minna Hall anayambitsa Massachusetts Audubon Society m'chaka cha 1896. Nkhondoyo sinali ya pakamwa pokha, pakuti m'chaka cha 1905 Guy Bradley, mlonda wa mbalame ku Florida, anawomberedwa ndi osaka nthenga nafa. Potsiriza malamulo anapangidwa. America inaletsa kulowetsa nthenga za mbalame zakuthengo m'chaka cha 1913, ndipo Britain inatsatira m'chaka cha 1921. Za Africa anazikambirana ku London kawiri. Pangano la 1900 linatchula akakowa pakati pa zolengedwa zosayenera kuphedwa mopanda malire, koma silinagwire ntchito. Pangano la 1933 linatchula mmodzimmodzi akakowa anai oyera aja, kuti asaphedwe popanda chilolezo chapadera.

Malonda atatha, akakowa oyera anachulukanso. Wa mapazi achikasu anafalikira kumpoto kwa Ulaya mpaka anayamba kuswa ku England m'chaka cha 1996. Wa ng'ombe ndiye anachita zodabwitsa zedi. Anaoloka yekha nyanja ya Atlantic naoneka kumpoto kwa South America m'chaka cha 1877. Anafika ku Florida m'chaka cha 1941 nayamba kuswa komweko m'chaka cha 1953. Ndipo m'chaka cha 2008 anaswa ku England. Chinamthandiza nchakuti kulikonse kumene anthu agwetsa nkhalango naweta ng'ombe, amkonzera iye malo odyera. Bungwe la IUCN, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 ndipo lakhala likulemba kaundula wa zamoyo zoopsezedwa kuyambira 1964, limaika abale anai onsewa m'gulu la Least Concern, ndiko kuti zosadetsa nkhawa.

Amene anabisika kuseri kwa abale ao

Tsono taonani chimene chinachitika. Malamulo aja anateteza mbalame zimene anthu anazidziwa ndi kuzisirira. Panali abale ena amene sanatchulidwe m'pangano lirilonse la masiku amenewo, ndipo awiri mwa iwo ndiwo ali pa ngozi lero.

Ntchito yolemba mbalame za dziko lino inayenda pang'onopang'ono. Sir Charles Belcher, amene anali woweruza wa khoti lalikulu, anasindikiza buku lake The Birds of Nyasaland m'chaka cha 1930. C. W. Benson anafika m'chaka cha 1932 kudzagwira ntchito ya Boma m'maboma osiyanasiyana, ndipo mndandanda wake wa mbalame za Nyasaland unatuluka m'chaka cha 1953. Aphunzitsi ayenera kudziwa kuti Benson sanagwire ntchito imeneyi yekha. Zaka zambiri anayenda ndi Jali Makawa, munthu wa kuno kwathu amene anali ndi diso ndi khutu lodabwitsa, wotha kuzindikira mbalame pongomva kulira kwake. Makawa anapita naye mpaka ku zisumbu za Comoro m'chaka cha 1958, ndipo dzina lake linapatsidwa kwa mtundu wina wa mbalame ya m'nkhalango. Benson ndi mkazi wake anatulutsa The Birds of Malawi m'chaka cha 1977, ndipo buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la 2006 linalemba mitundu ya mbalame pafupi 650 m'dziko muno.

Benson yemweyo ndiye anathandiza kumasula chinsinsi cha akakowa akuda. Alipo kakowa wakuda bii, Egretta ardesiaca, amene amapezeka ku Nyanja ya Chilwa ndi m'mbali mwa Shire. Kasakidwe kake nkosaiwalika: amatambasula mapiko nawakumaniza patsogolo ngati ambulera, mutu uli m'kati, nagwira tinsomba timene tathawira mumthunzimo. Iyeyu ali m'gulu la zosadetsa nkhawa. Koma m'chaka cha 1895 R. B. Sharpe wa ku British Museum analemba za kakowa wina wofanana naye, wotuwirako, wofiira pakhosi, wa miyendo yachikasu, namutcha vinaceigula. Akatswiri ambiri sanakhulupirire. Anati ndi wakuda yemwe uja, wangosiyana maanga. Zinakhala chomwecho zaka 76, kufikira m'chaka cha 1971 pamene Benson, R. K. Brooke ndi M. P. S. Irwin anaonetsa kuti ndi mtundu wina ndithu. Safunda mapiko ngati ambulera, ndipo amakonda madzi osaya a m'udzu pamene chigumula chikuphwera. Anthu atayamba kumuwerenga payekha anapeza kuti alipo zikwi zochepa chabe pa dziko lonse lapansi, makamaka ku Okavango m'dziko la Botswana ndi m'zigwa za Zambia monga Kafue ndi Bangweulu. Lero ali m'gulu la Vulnerable, la zamoyo zimene zayamba kuopsezedwa. Zaka zonse zija palibe amene akanatha kumteteza, pakuti pa mabuku panalibe mbalame yotere.

Nkhani yachiwiri ikutikhudza ife eni ake. M'bango ndi m'maluwa a m'madzi mumakhala kakowa wamng'ono wotuwa, wa mizeremizere pakhosi, Ardeola ralloides. Akaima saoneka, koma akauluka mapiko ake amati mbee, munthu nadzidzimuka kuti mbalame yoyerayo yachokera kuti. Ameneyu ndi wochuluka. Koma ali ndi mbale wake, Ardeola idae, amene Gustav Hartlaub anamlemba m'chaka cha 1860. Mbaleyu amaswa ku Madagascar ndi pa tizisumbu tina toyandikana nako, nyengo ya dzinja, ndipo pamenepo amayera thupi lonse, mlomo nukhala wobiriwira ngati thambo. Akatha kuswa amavula zoyerazo, naoloka nyanja kudza ku Africa, kumene amakhala kuyambira cha m'Meyi kufikira cha m'Okotobala. Malawi ndi limodzi la maiko amene iye waonekamo. Akafika kuno amafanana ndi mnzake uja, kungoti ndi woderako, mizere yake ndi yokhuthala ndipo mlomo ndi wonenepa. Kwao anthu amatola mazira ndi ana ake, ndipo madambo ambiri asanduka minda ya mpunga. Nchifukwa chake ali m'gulu la Endangered, la zamoyo zimene ziri pa ngozi yakutha. Munthu wosadziwa akhoza kumponya legeni pa dziwe la kwao, poyesa kuti ndi kakowa wamba.

Madambo a Mitundu ndi Nathenje

Tibwerere kwathu. Chigwa cha Lilongwe ndi dziko la madambo. Dambo limagwira ntchito ngati nkhokwe ya madzi: udzu ndi dothi lake lakuda zimamwa mvula ya dzinja, nizimatulutsa madziwo pang'onopang'ono m'chirimwe. Makolo athu ankalima kumtunda, nasiya dambo likhale la ng'ombe, la udzu wofolera, la bango lolukira mphasa ndi la zitsime. Malo ena a madzi anali opatulika, monga dziwe la ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, kumene kunali kachisi wa Makewana wopempherako mvula. Ndiri mwana ndinaweta ng'ombe m'dambo lina kumwera kwa Mitundu, ndipo madzulo akakowa akamauluka mondondozana kunka kogona, tinkawakwezera manja kuwapempha kuti atiyeretse zikhadabo. Pakati pa dambolo panali dziwe limene silinkaphwa. Chaka chatha ndinapitako, ndipo pamalo pa dziwelo ndinapeza dimba la matimati ndi maenje a njerwa.

Kusintha kumeneku kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1920 A. F. Barron anayambitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi ku Mbabzi, ndipo fodyayo anafalikira m'boma lonse la Lilongwe, makamaka bungwe la Native Tobacco Board litakhazikitsidwa m'chaka cha 1926. Fodya ameneyu amadya nkhuni ndi malo. Boma linapatula nkhalango ya Dzalanyama m'chaka cha 1922 pofuna kusunga magwero a mitsinje, pakuti Lilongwe ndi Diamphwe imachokera m'mapiri amenewo. Dziko litalandira ufulu zinthu zinafulumira. Sukulu ya zaulimi ya Bunda inatsegulidwa pafupi ndi Mitundu pakati pa zaka za m'ma 1960. Damu loyamba la Kamuzu linamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde m'chaka cha 1966, ndi lachiwiri m'chaka cha 1989. Ntchito ya Lilongwe Land Development Programme inayamba m'chaka cha 1968 nibweretsa miseu, zitsime ndi misika. Ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Mzinda waukulu umafuna ndiwo zamasamba, njerwa ndi makala tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri mwa izi zimachokera kumwera kuno. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Kudula mitengo ku Dzalanyama kunafika poti m'chaka cha 2015 asirikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo.

Zotsatira zake pa abale aja sizifanana. Kakowa wa ng'ombe sataya kanthu. Amatsata khasu ndi pulawo monga momwe amatsatira ng'ombe. Wamkulu ndi wa mapazi achikasu amapeza podyera m'mbali mwa madamu. Koma akakowa a m'bango, pamodzi ndi mlendo uja wa ku Madagascar, amafuna dziwe losaya lozingidwa ndi zomera, ndipo malo otere ndiwo amayamba kutha dambo likalimidwa mpaka pakati, likatenthedwa chaka ndi chaka, kapena kumutu kwake kukabzalidwa bulugamu. Apa ndipo dzina limodzi lija limatinyenga. Munthu amaona akakowa oyera mazanamazana akuuluka madzulo, nati mumtima mwake, akakowa alipo. Sadziwa kuti amene akuchulukawo ndi mtundu umodzi, ndi kuti ena anachoka kale.

Pangano la maiko losunga madambo linasainidwa ku Ramsar m'dziko la Iran m'chaka cha 1971. Malawi analowamo m'chaka cha 1997 ndi Nyanja ya Chilwa, ndipo Elephant Marsh anaonjezedwa m'chaka cha 2017. Madambo ang'onoang'ono a ku Mitundu ndi ku Nathenje sali pa mndandanda umenewo. Oweruza mlandu wao ndiwo mafumu, eni madimba ndi oweta ng'ombe, ndipo onsewa amadzera m'manja mwa mphunzitsi wa pulaimale asanakule.

Ntchito ya mphunzitsi

Sindikunena kuti mukadzudzule mwini dimba. Dimba ndilo limapulumutsa banja mvula ikavuta, monga anthu anaonera pa njala ya 2002, ndipo ana ambiri amene mudzawaphunzitse amagulidwa makope ndi ndalama za matimati ndi kabichi. Mphunzitsi wonyoza dimba adzangodanitsa ana ndi phunziro. Chimene mungachite ndi ichi.

Choyamba, phunzitsani kuyang'ana. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ana akhale chete m'mbali mwa dambo, ndipo pa mbalame iriyonse ayankhe mafunso anai: mlomo ndi wotani, miyendo ndi mapazi nzotani, yaima pouma kapena m'madzi, ndipo ikugwira bwanji chakudya. Mafunso amenewa safuna galasi loonera patali, ndipo ndi okwanira kulekanitsa ambiri a abale amene tawatchula.

Chachiwiri, sungani buku la dambo. Kalasi lipite pa malo amodzimodzi kamodzi pa mwezi, liwerenge mtundu uliwonse paokha, nililembe tsiku ndi kuchuluka kwa madzi. Kalasi la chaka chamawa lidzapitirize. Patapita zaka zisanu sukulu yanu idzakhala ndi umboni umene mungauonetse kwa mfumu pokambirana zosiya bango pakati pa dambo, kapena zoleka kutentha kufupi ndi mitengo ya zisa. A bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba m'chaka cha 1947 ndi dzina la Nyasaland Fauna Preservation Society, akhala akulimbikitsa magulu a zachirengedwe m'masukulu, ndipo buku lotere ndi chiyambi chabwino cha gulu.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimakhudza maphunziro athu a chinenero, tumani ana kwa agogo ao akafunse maina. Anthu amene anapatsa dzina chiswankhono poona kadyedwe kake, nalekanitsa nantchengwa ndi dokowe, sanali osayang'anitsitsa. Asodzi, oweta ng'ombe ndi oluka mphasa amasunga mau amene sanalowe m'mabuku a sukulu. Dzina lirilonse lilembedwe pamodzi ndi mudzi kumene lamveka, ndi maonekedwe a mbalame imene likutchula. Ndipo ngati midzi iwiri isiyana, lembani onse awiri osasankha. Jali Makawa sanaphunzire mbalame m'kalasi, koma akatswiri a ku Ulaya anadalira diso lake.

Mphunzitsi uja wa ku Nathenje ndinakambirana naye zimenezi pobwerera. Sabata yotsatira anabwereranso kudambo ndi ana omwewo ndi mafunso anai aja. Mtsikana wina wa Sitandade 5 ndiye anayamba kuona kuti mbalame ya m'madzi ija, potukula mwendo, inali ndi phazi lachikasu, ndipo anzake anakana mpaka inatukulanso.